Chibaba ku Mtendere

Ndinayamba kusuta ndevu zisanamere, ndipo ndinasiya zitayamba imvi. Pakati pa zaka zimenezo ndinaphunzira utelala, ndinakwatira, ndinabereka ana anayi, ndi kutsegula kashopu kanga pafupi ndi msika wa ku Mtendere. Zonsezi ndinkachita ndudu ili pakamwa. Ngakhale chithunzi cha ukwati wathu, mukachiyang'anitsitsa, muona kuti dzanja langa lamanja labisala kumbuyo kwa mkwatibwi. Alendo amati ndinamukumbatira mwachikondi. Ine ndimangomwetulira, chifukwa m'dzanjamo munali ndudu yoyaka.

Kukomboni kuno ambiri sitigula paketi yonse. Timagula imodziimodzi, imene timaitcha mishanga. Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi shopu yanga, kunali kantemba, kagolosale kakang'ono ka mayi wina wa ku Chainda. Mayiyu ankandidziwa kuposa mmene ndinkadzidziwira. Ndikangoimitsa makina n'kudzinyolola msana, iye anali atatulutsa kale mishanga iwiri ndi machesi, ine ndisanawoloke n'komwe.

Mkazi wanga anayesa zonse. Anandinyengerera, anandikalipira, anandipempherera mokweza kuti ndimve. Chifuwa changa cha m'mawa chinali chotchuka m'mudadada wathu wonse, moti mayi wa nyumba yoyandikana nafe ankati safuna wotchi: ndikayamba kutsokomola, amadzutsa ana akonzekere sukulu. Zonsezi sizinandisunthe. Chimene chinandisuntha chinali diresi.

Mayi wina wa ku Bauleni, wogwira ntchito za m'nyumba kumayadi, anabweretsa chitenje chokongola chobiriwira kuti ndimusokere diresi lovala pa kicheni pate ya mwana wake. Phwando linali Loweruka. Lachinayi masana ndili pafupi kumaliza, ndikupinda m'munsi, kaphulusa kamoto kanagwa kuchokera pakamwa panga n'kutera pachifuwa penipeni pa diresilo. Ndisanakaphule, panali patabooka bowo lolowa chala chachikulu. Ndinaliyang'ana bowolo, nalonso linandiyang'ana. Nsalu yotsala inali tizidutswa chabe. Ndinadula duwa pa kachidutswa kamodzi, ndinalipinda bwino m'mbali, ndi kulisokera pabowopo.

Mwini wake anabwera Lachisanu. Analitambasula diresilo, maso n'kuima pa duwa.

"Ba telala, duwa iyi ninakuuzani?"

"Ni fashoni ya manje, amai. Ba kumayadi ndiye vamene bavala."

Anapendeketsa mutu, kenako anaseka mokondwa. Mtima wanga unabwerera m'malo mwake. Koma akulipinda kuti aliike m'chikwama, analinunkhiza n'kukwinya mphuno.

"Nizachapa lelo kuti iume. Vovala vanu timachapa poyamba tikalibe kuvala."

"Timachapa? Imwe na bandani?"

"Tonse, ba telala. Mumasoka bwino maningi, koma vovala vimanunkha monga vagona mu bala."

Ananena mopanda mangawa, ngati akundiuza kuti kunja kuli mitambo, n'kutuluka. Ine ndinakhala pansi. Zaka zonsezi ndinkayenda monyada poganiza kuti anthu akamanena za ine amanena za msoko wowongoka. Sindinadziwe kuti chovala chilichonse chochoka m'manja mwanga chimayamba chapita m'bafa. Madzulo ndinafunsa mkazi wanga ngati zinali zoona. Anati ngakhale mayunifomu a ana athu ankawachapa kawiri asanawalole kupita nawo kusukulu.

Lamlungu titabwera kutchalitchi ndinaimirira pakati pa nyumba n'kulengeza kuti fodya ndasiya mpaka imfa. Aka kanali kachinayi kulengeza zotere. Ana anayang'anana. Mkazi wanga sanasiye n'komwe kusadzula masamba.

"Tizaona," anatero.

Masiku atatu oyamba ndinali munthu woipa. Ndinakangana ndi zipi. Ndinatukwana ulusi chifukwa chokana kulowa pa singano. Manja anga sankadziwa kokhala: ankangopita m'thumba la malaya, kubwerako opanda kanthu, n'kupitanso. Ndinadzipeza nditaluma choko chojambulira nsalu, ndikuchikoka ndithu. Bambo wina anabwera kudzatenga malaya ake n'kupeza kuti mkono umodzi ndausoka motseka kumapeto, ngati thumba la mchere. Kutsidya kuja, mayi wa kantemba ankakweza mishanga iwiri m'mwamba nthawi iliyonse ndikadzutsa mutu. Ndikapukusa mutu, ankatsitsa dzanja pang'onopang'ono ngati munthu wokanidwa ukwati. Tsiku lachitatu anawoloka yekha msewu.

"Ba telala, mwadwala? Kapena nakulakwirani?"

Amene anandipulumutsa anali ba neba. Shopu yawo inagundana ndi yanga. Anali mdala wachisilamu, wosula mbaula, ndowa ndi mabafa a malata. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, iwo n'kubadwira ku Chaisa. Nawonso anali msuti wamkulu, ndipo kwa zaka zambiri tinkabwerekana machesi kudzera pa kabowo ka khoma. Koma sabata imene ndinasiya fodya inagwera m'mwezi wa Ramazani, pamene iwo sadya, samwa, ndiponso sasuta kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Tsiku lachinayi anandipeza ndakhala panja, ndagwira mutu.

"Nimvela ati mwasiya mpaka kufa," anatero akukhala pa kampando kawo.

"Ndiye vamene ninakamba."

"Apo ndiye munalakwa, ba telala. Kufa ni kutali. Ine nimasiya chabe mpaka dzuwa ingene."

"Manje imwe dzuwa ikangena mumakoka. Nanga ine?"

"Imwe dzuwa ikangena muyenda kunyumba. Kuja kuli amai, simungayese. Kukacha tiyambanso pamodzi."

Anandipatsa kamtengo kotsukira mano, kowawira pang'ono, kuti ndizitafuna pakamwa pakasowa chochita. Anandiuzanso kuti chibaba chili ngati kondakitala wa minibasi: amakuwa, amamenya chitseko, amakugwira ngakhale mkono, kulumbira kuti basi ina kulibe. Ukangoima osakwera, amatopa n'kupita. Ndinayesa kuchiyang'anira pa wotchi ya pakhoma, ndipo ndinapeza kuti mdalayo sananame. Chinkabwera mwaukali, koma mphindi zochepa chinkazilala.

Vuto linali mphindi zochepazo. Apa ba neba anali ndi mankhwala ena. Anati chibaba chikandigwira ndizithamangira kwa iwo. Ndikafika ankandipatsa hamala ndi chitsulo chosongoka, n'kundiikira mbaula yatsopano yofunika kuboola mabowo. Ndinkamenya ndi mkwiyo wonse, thukuta kamukamu, mpaka chibaba chitathawa phokoso. Zinkathandiza kwambiri. Ndi kumapeto kwa mweziwo pamene ndinayang'ana mulu wa mbaula zoboola bwino utafika kudenga, n'kuzindikira kuti mdalayo wapeza wantchito waulere. Nditawauza, anaseka mpaka kapu yawo yoyera ya kumutu inagwa.

"Nanga simunapole?" anafunsa akuitola.

Mwezi umenewo tinkakhala awiriwiri masana, wina wanjala, wina wachibaba, tikuyang'ana dzuwa ngati tili nalo mlandu. Nthawi zina akazi awo ankanditumizirako futali wa mbatata ndi nsinjiro woti ndipite naye kunyumba. Mwezi utatha ndi chikondwerero chawo chitadutsa, ba neba anabwera m'mawa atavala mkanjo watsopano, anakhala pansi, natulutsa ndudu. Anandiyang'ana mwamanyazi. Kenako ananyowetsa chala ndi malovu, anachikweza m'mwamba kuti amve kumene mphepo ikupita, n'kunyamula kampando kawo kukakhala mbali imene utsi sungandipeze. Kuyambira tsiku limenelo ankachita zomwezo nthawi zonse. Mphepo ikasintha pakati pa ndudu, ankanyamukanso ndi kampando kawo. Anthu odutsa ankaganiza kuti tinayambana.

Pakamwa posiya fodya pamafuna ntchito ina, ndipo panga panaipeza. Ndinadya mtedza wokazinga, chinangwa chootcha, nzimbe, zitumbuwa, ndi maswiti a ana omwe. Mayi wa kantemba, munthu wodziwa malonda, anasiya kukweza mishanga n'kuyamba kukweza timapepala ta mtedza, ndipo ubale wathu unabwerera mwakale. Mimba inayamba kutsogola. Mwayi wanga unali woti ndine telala. Ndinkapita ndi mabuluku anga kushopu mobisa, limodzilimodzi, kukawamasula m'chiuno pang'ono, n'kubwera nawo ngati palibe chachitika. Ndinaiwala kuti msoko wakale umasiya mzere. Loweruka lina ndinapeza mkazi wanga ataima pa chingwe choyanikira, akuwerenga mizere kumbuyo kwa buluku langa la kutchalitchi.

"Itatu," anatero. "Buluku iyi ikukula monga mwana."

Kenako mphuno inatseguka, ndipo palibe amene anandichenjeza za zimenezi. M'mawa wina ndikutsegula shopu ndinamva fungo loipa kwambiri. Ndinathamangira kwa ba neba kukawauza kuti kuseri kwafera galu. Tinazungulira limodzi. Iwo ananunkhiza uku ndi uku, nandilozera ngalande.

"Ni iyi chabe. Inunkha so kuchokera pamene munabwera."

Lilime nalo linadzuka. Tsiku lina pa chakudya chamasana ndinalawa ndiwo n'kunena mwaulemu kuti mchere wachuluka. Mkazi wanga anaika chikho pansi.

"Zaka zonse izi mumakamba ati ndiyo zilibe mchere. Nakhala niikilako chifukwa cha imwe. Bana aba bakulira mu mchere."

Mwana wathu wamkazi wachisamba, amene panthawiyo anali ku koleji, anakweza manja kumwamba ngati wamva uthenga wa chipulumutso.

Sikuti zonse zinali zonunkha. Ndinazindikira kuti nsalu yatsopano ili ndi fungo lake, lokoma, limene ndinagwira nalo ntchito moyo wonse osalimva. Mvula yoyamba itagwa pa fumbi la ku Mtendere ndinatuluka m'shopu n'kuima pakhonde ngati mlendo. Fungo limenelo ndinalimva komaliza ndili mwana. Madzulo ena mkazi wanga atadutsa pafupi nane ndinamva mafuta amene amadzola kumutu, n'kumufunsa ngati wagula atsopano. Anati ndi omwewo amene wakhala akudzola chikwatiwire. Anayankha akuseka, koma ine zinandikhudza. Ndinaganiza za zinthu zina zimene mayiyu ankachita pafupi nane zaka zonsezo ine osazimva.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo sindinakhudzenso ndudu. Ndinaikhudza, patatha miyezi inayi, ndipo malo ake anali kumanda.

Anamwalira mlamu wake wa mwini nyumba imene tinkachita lendi. Munthuyo ndinamuonapo kawiri kokha, ndipo kamodzi mwa kawiriko anali atatembenukira kwina. Koma maliro a pafupi sukhala, choncho tinakwera lole ndi anthu ena a m'mudadada, ine ndi mkazi wanga. Dzuwa linali loswa mtengo. Olankhula anali ambiri ndipo aliyense ankayamba ndi mawu akuti sachulutsa. Pa wolankhula wachisanu ndinazemba kupita kuseri kwa lole kukafuna mthunzi. Kumeneko ndinapeza mnzanga wakale wa ku Kalingalinga, kalipentala, akusuta mwamtendere. Anangotambasula dzanja, ndudu ili pakati pa zala, monga tinkachitira kale. Dzanja langa linalandira lisanandifunse.

Ndinakoka katatu. Koyamba kanali ngati kukumana ndi m'bale wotayika. Kachiwiri kanandikanda pakhosi. Kachitatu dziko linazungulira, ndipo ndinapezeka ndakhala pansi m'fumbi, ndikutsokomola, misozi ili chuchuchu. Mnzanga uja ataona anthu akubwera anasowa ngati utsi wake womwe.

Obwerawo anali amayi a chigwirizano cha kutchalitchi, ovala mayunifomu awo oyera, amene ankabwera kulole kudzatenga madzi. Anaona bambo wa imvi atagwa pansi payekha, akulira mobisala. Ndinakanikiza nduduyo ndi nsapato msangamsanga. Anandizungulira. Wina anayamba kundikupiza ndi chitenje, wina anandigwira phewa, wina anayambitsa nyimbo yotonthoza, onse n'kuilandira.

"Limbani mtima, atate," anatero wamkulu wawo. "Benze babululu banu?"

Ankafunsa ngati malemuyo anali m'bale wanga. Ndikanati ayi, funso lotsatira likanakhala loti nanga ndikulira chiyani, ndipo yankho linali pansi pa nsapato yanga. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anandidzutsa awiri, wina uku wina uku, n'kuyenda nane pang'onopang'ono kudutsa pakati pa khamu lonse mpaka kutsogolo, kumene kunakhala achibale. Munthu wina anandipatsa mpando wake. Nthawi yoika maluwa itakwana anandipatsa duwa langa, ndipo ndinakaliika pamanda motsatana ndi abale ake enieni a malemu. Mayi wamasiye anasiya kulira kwa kanthawi n'kundiyang'ana, akuyesa kukumbukira kuti ndine ndani. Ndinamva kuti masabata otsatira panali mphekesera yoti malemuyo anali ndi mchimwene wa kwa mayi wina amene banja linkamubisa.

Ndikubwerera pampando ndinaona mkazi wanga ataima chapatali pakati pa amayi anzake, manja atapinda pachifuwa. Sankaimba.

Titafika kunyumba anasamba m'manja, anandipatsa madzi akumwa, n'kukhala moyang'anizana nane.

"Pepani na malilo, bamuna banga. Sininadziwe kuti munali kubakonda so."

Ndinayang'ana pansi. Anatenga dzanja langa lamanja, ananunkhiza zala ziwiri, n'kulibweza pa bondo langa mosamala ngati chinthu chobwereka. Ndinadikira chimphepo. Mumtima ndinali nditagonja kale. Ndinkaganiza kuti miyezi inayi yapita pachabe, ndipo popeza ndagwa, bola ndingowoloka msewu mawa lake n'kukagula mishanga yanga iwiri ngati munthu wodziwa malo ake.

"Zingati?" anafunsa.

"Imodzi. Sininaitsilize."

"Inawama?"

"Iyayi. Inanigwetsa."

Anayesa kudziletsa, koma mapewa anayamba kugwedezeka, kenako anaseka mpaka kugwira m'mimba. Atapuma anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mvelani. Miyezi ija ikali yanu, palibe wamene wakupokani. Mailo muyende kunchito monga nthawi zonse. Koma mukakokanso, olo kamodzi, nizaimilira mu chalichi niuze bazimai bonse chamene munali kulilira."

Ndamvapo malangizo ambiri okhudza kuipa kwa fodya, ena a kuchipatala, ena a paguwa. Palibe amene anandigwira ngati amenewa. Mpaka lero amayi aja akandiona amandipatsa moni wa ulemu wapadera, monga munthu wa mtima wofewa, ndipo sindikufuna kuti asinthe maganizo.

Chaka chitatsala pang'ono kutha, kunabwera bambo wina wonenepa ndi thumba la majezi. Anali wapagolo wa timu ya madala, abambo a m'komboni amene amasewera mpira Lamlungu masana pabwalo la sukulu. Ankafuna ndiwasokere manambala kumsana. Ndikuwerenga majeziwo anayang'ana mimba yanga mwaukatswiri n'kunena kuti ndili ndi thupi loyenera timu yawo. Ndinaganiza kuti akunditukwana, koma nditapita kukaonera ndinapeza kuti ananena zoona. Panalibe wopanda mimba, kupatula woimbira.

Tsiku loyamba ndinasewera mphindi zisanu n'kupempha kutuluka. Ndinagona chagada pa udzu, mtima ukugunda m'makutu. Sabata yotsatira ndinafika khumi. Ndinayamba kupita kushopu wapansi modzera njira yaitali, ndipo chibaba chikabwera Lachitatu ndinkachiuza kuti Lamlungu ndili ndi mpira. Zinali zachibwana, bambo wa zidzukulu kusunga mapapo chifukwa cha mpira wa madala, koma zinkagwira ntchito kuposa mtedza. Patapita miyezi ingapo ndinkatha chigawo chonse choyamba ndili chiimire.

Masewero amene sindidzaiwala anali olimbana ndi madala a ku Kalingalinga. Iwo anabwera ndi wosewera kutsogolo amene ankati ali ndi zaka makumi anayi, ngakhale nkhope yake inkaoneka kuti mayeso a sukulu walemba posachedwa. Chigawo chachiwiri chili pakati, zigoli palibe, mpira unaponyedwa kudutsa otchinga kumbuyo athu onse. Mnyamata wa zaka makumi anayi uja anauthamangira. Ine ndinali pakati pa bwalo. Sindikudziwa chimene chinandilowa, koma ndinayamba kuthamanga. Ndinamva mphepo m'makutu. Ndinamva anthu akukuwa kuti ba telala, ba telala. Ndinadikira chifuwa chija kuti chindigwire monga kale, koma sichinabwere. Ndinamupeza, ndinamupitirira, ndipo mpira ndinayamba kuufika ndine.

Ndinaumenya ndi mphamvu zanga zonse kuti upite kunja. Unakhudza mbali ya nsapato, unakwera bwinobwino, unadutsa pamwamba pa wapagolo wathu, n'kukalowa pakona ya golo lathu lomwe. Anthu amene anaona amati chigoli chokongola chotero sichinaonekepo pabwalo limenelo.

A ku Kalingalinga anabwera kudzandikumbatira. Wapagolo wathu anavula magolovesi n'kuwaponya pansi, akundifunsa ngati anandilipira. Ine ndinali nditawerama, manja pa mawondo, ndikuseka, mpweya ukulowa ndi kutuluka bwinobwino mpaka pansi pa mapapo. Anzanga anakwiya kwambiri poona kuti ndikuseka, ndipo sindinathe kuwafotokozera.

Tinagonja ndi chigoli chimodzicho. Lamlungu lotsatira anandisuntha kundiika kutsogolo chakumanzere, kutali ndi golo lathu, kumene mpira sufikafika. Ndimasewera pamenepo mpaka pano, chaka chachitatu tsopano, ndipo chigoli cha mbali yoyenera ndikuchifunabe.